Gemu ya a Sitefano

Ana anga, pa zonse zimene ndinagwira m'zaka zanga za ntchito, anthu amakumbukira chimodzi chokha: kuti mzimayi wamkulu, wovala yunifomu ya amayi a kutchalitchi Lachinayi lililonse, anadzitsekera m'chipinda cha makompyuta ku Namadzi chifukwa cha gemu. Azakhali anu amaikamba nkhaniyi pamaliro paliponse, ndipo chaka chilichonse amaithira mchere wina. Ena amati ndinapenga, ena amati ndinkabisa zakuba. Ndati ndiilembe ndekha mutu udakali bwino, chifukwa amene anali m'kati mwa chitsekocho ndine, ndipo mpaka lero ndikaiganiza mtima umandiwira.

1994, ku Nchema

Ntchito ndinayamba chaka chimene tinavotera zipani zambiri, pa kaofesi ka bungwe lina lothandiza alimi ku Nchema. Dzina la bungwelo ndilisiya. Linatha kale ndipo sindikufuna kulidzutsa. Bambo anu anali atapita ku Joni n'kuiwala kumene kuli positi ofesi, ndiye nditamva kuti akufuna wotayipa ndinapita ndi satifiketi yanga m'pepala la pulasitiki, wamng'ono wa inu ali kumsana. Makina otayipira amene ndinawapeza anali akale kuposa ine. Chilembo cha e chinkamenya pepala n'kukakamira pomwepo, ine n'kumachibweza ndi chala, ndipo mukudziwa nokha mmene malipoti a Chingerezi amadzadzira ndi chilembo chimenecho. Riboni ikatha tinkaitembenuza, ikathanso tinkaidontheza timafuta ta makina osokera kuti itulutse kotsalako. Mapepala akasowa ndinkatayipa kumbuyo kwa malipoti a chaka chatha. Akuluakulu a ku likulu ankabwera pa galimoto yatsopano kudzatifunsa chifukwa chimene makalata athu ankaonekera otuwa, ife n'kumangoti pepani.

Bwana wanga anali a Juma, bambo wachisilamu wa ndevu zoyera, wolankhula mosamala ngati wanyamula mazira. Sanandikalipirepo. Ndikalakwitsa ankangoika chala pamzerewo n'kutsokomola. Lachisanu masana ankapita ku mzikiti n'kundisiyira ofesi yonse. Kwa iwo ndi kumene ndinaphunzira kuti bwana akhoza kukhala munthu, ndipo zimenezo zinandiwononga, chifukwa ndinayamba kuganiza kuti onse ali choncho.

2000, ku Namadzi

Bungwe litalandira makompyuta akale ochokera kunja, linachita lendi chipinda kuseri kwa sitolo ina ku Namadzi, pafupi ndi pamene amaima maminibasi a ku Zomba, n'kutisamutsira kumeneko ine ndi a Juma. Ananditumiza ku Limbe kwa masabata owerengeka, ndipo ndinabwerako akunditcha mphunzitsi wa kompyuta, ngakhale kuti zimene ndinkadziwa zikanakwana m'kapu. Ntchito yanga inali yophunzitsa alembi a makalabu a alimi, aphunzitsi ndi aliyense wofuna, kulemba kalata pa kompyuta. Vuto silinali mitu yawo, linali mantha. Bambo woti amazula chitsa ndi manja ankafika pa mabatani n'kukhudza kamodzi n'kubweza chala ngati wagwira mbaula. Wina anandifunsa monong'ona ngati kompyuta imakanena ku boma munthu akailakwira. Magetsi nawo ankadikira kuti tikhale pansi kenaka n'kuthima, anthu oti ayenda wapansi kuchokera kumidzi n'kubwerera osagwira kanthu.

Tsiku lina magetsi anabwera ophunzira atapita kale, ndipo ndinayamba kufufuza m'kompyuta ya pakona, imene tinkaitcha Nkhalamba chifukwa inkatsokomola isanadzuke. Mwini wake wakale, kaya anali ndani kutsidya kwa nyanjako, sanafufute zonse. Anasiyamo mulu wa magemu. Mukuidziwa gemu yakale ija ya kamunthu kothamanga kuchoka kumanzere kupita kumanja, kodumpha maenje n'kumaponda adani pamutu, imene ankaisewera m'tinyumba ta kanema. Koma awa sanali ochokera ku fakitale. Anali opangidwanso ndi anthu wamba oikonda gemuyo, amene ankaiphwasula n'kusintha njira, maenje, adani ndi maonekedwe a dziko, monga mmene telala amasulira diresi la pakaunjika n'kusoka lina. Munalinso chida chimene ankasinthira zinthuzo, chodzadza ndi timabokosi timene ine sindinatimvetse.

Ndinawaonetsa a Juma ndili ndi manyazi, poganiza kuti anena kuti ndifufute. Anapempha kuyesa. Kamunthu kawo kanathamanga molunjika n'kugwera m'dzenje loyamba lenilenilo, ndipo anaseka mpaka kachisoti kanapendekeka.

"Amayi," anatero akupukuta misozi, "anthu anu amantha aja aziyamba ndi kameneka. Munthu saopa chinthu chimene chamuseketsa."

Zinali zoona. Munthu akagwera m'dzenje kangapo, anzake akumuseka, zala zinkamasuka zokha, ndipo tikafika pa kulemba kalata ankamenya mabatani ngati anabadwa nawo. Kuyambira pamenepo aliyense watsopano ankayambira pa Nkhalamba.

2001 ndi 2002

Poti ndine ndinkasankhira anthu, ndinayenera kuwasewera magemu onsewo, ndipo musaseke, ndinafika poti m'Namadzi monse munalibe wondiposa. Mayina ake achingerezi anali ovuta ndiye tinawapatsa athu. Kwa munthu woyamba kumene ndinkamupatsa Ya Madzi. Wopanga wake anamiza dziko lonse, moti kamunthu kankagwa pang'onopang'ono ndipo zala zinkapeza nthawi yoganiza. Chimene ndinamukondera munthu ameneyo n'chakuti choopsa chilichonse ankayamba wakuonetsa uli pabwino. Nsomba yoyamba inkadutsa pamwamba pako osakukhudza, kuti uione kayendedwe kake, yachiwiri ndiye inkabwera molunjika. Ameneyo anali ndi mtima wa mphunzitsi, ndipo ndikanakonda kumuphikira tiyi.

Munthu akazolowera ndinkamusamutsira ku Ya Mdima. Mmenemo unkangoona kamalo kakang'ono kozungulira kamunthu kako, kwina konse bii. Poyamba anthu ankakwawa, koma wopanga wake anaika kanyali patsogolo pa dzenje lililonse, osaphonya ngakhale limodzi, ndipo ukazindikira zimenezo unkayamba kuthamanga mumdimamo ndi mtima wonse. Aphunzitsi a pulayimale ankaikonda kwambiri. Inalinso ina, Ya Mitambo, yopanda nthaka n'komwe, yaitali, ya nyimbo yokoma moti mwini sitolo ankaiimba ndi mluzu akupima shuga. Imeneyo sinkaphunzitsa kanthu, inkangosangalatsa, ndipo ndinkaisungira amene amaliza kalata yawo popanda cholakwa.

Koma ambiri mwa magemuwo anali zinyalala, ndinene poyera. Ena opanga ake anali aulesi: kamunthu komweko, maenje omwewo, angosintha mtundu wa malaya basi, ngati aphungu a masiku amenewo. Ndipo inalipo ina imene tinkaitcha Ya Mfiti. Wopanga wake ankabisa njerwa yosaoneka pamwamba pa dzenje, iwe n'kudumpha bwinobwino, mutu n'kugunda chinthu chimene kulibe, n'kugwa. Mlimi wina wa ku Nchema anaitsegula mwangozi ine nditatuluka, ndipo ndinamupeza akudziona ngati chitsiru, akuti kompyuta si ya anthu ngati iye. Sanabwerenso. Amene anapanga gemu imeneyo, kulikonse kumene ali, ndimamufunira nsabwe pamene dzanja silifika. Ine muyezo wanga unali umodzi. Gemu yabwino ikakupha umadziwa kuti walakwa ndiwe ndipo umafuna kuyesanso, pamene yoipa ikakupha umamva kuti pali wina akukuseka.

2003, a Sitefano

Pakhonde pa sitolo imene tinkachita lendiyo pankakhala bambo wina wolemba zikwangwani, a Sitefano. Zikwangwani zambiri za m'Namadzi, za mabutchala, ometa tsitsi ndi ogulitsa mankhwala a mbewu, zinali za dzanja lawo. Kwawo kunali ku Phalombe, koma anali mkamwini ku Kadewere, kumene kunali akazi awo a Edina. M'kati mwa sabata ankagona m'kachipinda ka lendi ku Namadzi, Loweruka n'kupalasa njinga kupita kunyumba. Chaka chimenecho matenda a masiku ano aja anali atawagwira. Mankhwala anali atayamba kupezeka m'boma lathu ndipo ankamwa, koma thupi linali litapita kale patali. Makwerero sankathanso kukwera, ndipo fungo la penti linkawasanzitsa. Anayamba kumalowa m'chipinda chathu kudzangokhala pamthunzi, ine n'kuwapatsa Ya Madzi kuti nthawi idutse. Anaimaliza, anamalizanso Ya Mdima, ndipo tsiku lina anatsamira mpando n'kupukusa mutu.

"Zabwino ndithu, amayi, koma kumeneku n'kwa eni ake. Mitengo yakeyi ine sindikuidziwa. Ya kuno palibe?"

Ndinawafunsa kuti ya kuno aipanga ndani.

"Nanga enawa anawapanga ndani? Si anthu a manja awiri ngati ife?"

Ndinawatsegulira chida chija mongowaseka. Iwo anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti timabokosi timeneti n'chimodzimodzi ndi mizere imene amajambula pakhoma asanalembe chilembo chachikulu. A Juma anawalola kuti masana, kukakhala kulibe ophunzira, Nkhalamba ikhale yawo. Anagwira ntchito imeneyo miyezi yambiri, kadontho kadontho ngati akutunga mikanda, botolo la thobwa lili pambali, nthawi zina n'kugona tulo chipumi chili patebulo. Chimene anamanga inali njira yawo ya Loweruka, kuchoka pamsika wa Namadzi mpaka kunyumba kwawo ku Kadewere.

Ndikufuna mumve bwino kuti sizinali zachibwana. Kamunthu kanavala ovolosi ya madontho a penti. Gawo loyamba linali msika, kudumpha madengu a tomato ndi milu ya kaunjika, adani ake ali oitanira minibasi okukokera uku ndi uku. Mmodzi anamujambula ndi kapu yofiira, ndipo woitanira weniweni wa kapu yofiira anabwera kudzadandaula kuti Namadzi yense akumuponda pamutu, koma atadziona anakhala pansi n'kuyamba kudziponda yekha. Kenaka njira inkalowa m'minda ya nandolo, agalu a m'midzi akukuthamangitsa, n'kudutsa m'tsinde mwa phiri kumene maso a afisi ankayamba kuwala m'matanthwe afisiwo asanatuluke. M'malo mwa ndalama zotola anaika zitumbuwa. Ukafa pankatuluka mawu a Chinyanja akuti, "Dzukani, kunyumba n'kutali." Anthu amene anali asanaonepo chilankhulo chawo pa galasi la kompyuta ankafa dala kuti awerengenso.

Ine ndinali wolawa wawo, ndipo tinkakangana. Mkangano waukulu unali wa mlatho wa mitengo pa kamtsinje ka kufupi ndi kwawo, umene anauika chakumapeto. Mitengo ina inali yothyoka, ina inkagubuduka ukaiponda. Ndinawauza kuti apa alowa m'gulu la Mfiti uja. Anakana kwamtuwagalu, amvekere mlathowo ndi mmene ulili, iwo eni anagwerapo ndi njinga yomwe. Koma mawa lake ndinapeza aikapo mbuzi imene inkatsogola, kudumpha pa mitengo yolimba yokhayokha, kuti wamaso aone poponda. Nditawoloka ndinafika kumapeto, pa kanyumba ka pansi pa mtengo wa mango, n'kuwauza kuti ntchito yatha bwino, ndipo sindinaganizenso zambiri.

2005

A Sitefano anamwalira m'chipatala chaka cha njala chija. Abale awo anatenga maliro kuchokera kuchipatala komweko kulunjika nawo ku Phalombe, osadutsa n'komwe ku Kadewere. Atatha maliro anabwera kudzasudzula a Edina n'kunyamula katundu wa m'bale wawo: njinga, wailesi, jekete, mpaka maburashi ouma penti. Mwambo ndi mwambo, sindikuutsutsa wonse, koma munthu amene anachapa zofunda za wodwala zaka zonsezo simungamusiyire ngakhale burashi imodzi? Pa nthawi ya matenda abale amenewo sitinawaonepo ku Namadzi.

Tsiku lina la msika mayi wina wochepa thupi anaima pakhomo pathu, dengu lopanda kanthu lili m'manja. Anati ndi a Edina, ndipo amva kuti malemu anasiya ntchito yawo muno. Anali atatenga kansalu koyera koti akulungire chinthucho. Zinandivuta kuwafotokozera kuti sichinyamulika, chili m'kati mwa bokosilo ndipo chimaoneka pokhapokha magetsi akayaka. Ndinawakhazika pa Nkhalamba n'kuyatsa. Ataona kamunthu ka ovolosi kaja anagwira pakamwa, ndipo anakhala akukayang'ana mpaka magetsi anathima.

Kuyambira pamenepo ankabwera tsiku la msika lililonse akagulitsa nandolo wawo. Anali asanagwirepo ngakhale foni, ndipo masabata oyamba sankatha kutuluka mumsika muja. Gemu imeneyi inalibe posungira pamene wafika. Miyoyo ikatha unkayambiranso pa madengu a tomato. Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinawauza kuti andipatse mabatani ndiwayendetsere mpaka kumapeto, aone zonse zimene amuna awo anajambula.

"Iyayi, amayi," anatero. "Njira imeneyi iwo amayenda okha, miyendo ikuwawa. Ndikafika ndekha. Musandiuzenso zimene zili kutsogoloko."

Ndinasunga pakamwa panga. Pang'onopang'ono anadutsa oitanira, anadutsa agalu, pofika dzinja afisi sankawaopanso. Koma mlatho unawakanika. Ankafika pamenepo miyoyo itatsala pang'ono, n'kugwera m'madzi, n'kuwerenga mawu aja, n'kunyamula dengu lawo kumapita.

Mudzafunsa kuti bwanji sitinaikopere gemuyo kwina. A Sitefano anaikopera pa disiketi, kambale kosungirapo zinthu za m'kompyuta, koma madisiketi a nthawi imeneyo ankachita nkhungu dzinja limodzi lokha, ndipo yawoyo inafa. Pamene tinkazindikira zimenezo, polowetsera disiketi pa Nkhalamba panali patawonongeka ndi fumbi, ndipo kompyuta yakale choncho inalibe pena pobayira kanthu. Kukonza kwake kunafunika kutsegula bokosi, koma bokosi lililonse linali ndi kapepala konyezimira komatidwa pamsoko, koti wong'amba popanda chilolezo waphwanya pangano ndi amene anatipatsa makompyutawo. A Juma anapempha chilolezocho ku likulu mobwerezabwereza. Anapuma ntchito yankho lisanabwere.

2006, a Makwinja

M'malo mwawo anatitumizira a Makwinja, ochokera ku likulu, a tayi ngakhale mwezi wa Okutobala, foni ili pa lamba ngati mfuti. Sabata yoyamba yomwe anapeza a Edina ali pa Nkhalamba, mapazi ali fumbi, ndipo anandifunsa pamaso pawo ngati muno mwasanduka mwa kanema. Ndinafotokoza za kumasula zala, ndinafotokoza za a Sitefano. Ankamvetsera akuyang'ana foni. Sipanapite nthawi anandiitana n'kundiuza kuti kukubwera alendo a kunja kudzaona makompyuta awo, ndiye Lachisanu kubwera katswiri wa ku Limbe kudzafomata onse, kutanthauza kufufuta chilichonse kuti atsale mbee.

Ndinawapempha kuti asiye Nkhalamba yokha. Anakana. Ndinapempha kuti tiibise kusitolo alendowo akamabwera. Anakana. Ine amene sindinagwadirepo bwana ndinagwada pa simenti ya ofesi imeneyo, n'kuwauza kuti mayi uja anamulanda zonse, chatsala n'chokhachi.

"Dzukani, mayi, mukundichititsa manyazi," anatero. "Kompyuta ndi ya bungwe. Akufa alibe malo pa katundu wa bungwe."

Mawu amenewo ndidzapita nawo kumanda. Ndinatuma mayi wina wogulitsa masamba kuti akauze a Edina, ndipo Lachisanu m'mawa anafika opanda dengu, atalawirira wapansi. Katswiri uja atafika ndinamukokera pambali. Anali munthu womva. Anati ndi kantchito kochepa, angochotsa polowetsera disiketi pa kompyuta ina n'kuika pa Nkhalamba, tikopere, kenaka afomate bwinobwino, tiyi asanazizire. A Makwinja atamva analoza kapepala konyezimira kaja n'kunena kuti palibe wong'amba. Taonani nzeru zake, ana anga: kufufuta ntchito ya munthu wakufa kunali kololedwa, koma kung'amba kapepala kunali tchimo. Anawonjezanso kuti ayambire Nkhalamba yomweyo, poti ndi imene ikubweretsa phokoso. Atatero anatengana ndi katswiriyo kupita kumsewu kukadya tchipisi asanayambe ntchito.

Ndinatsala ndi a Edina m'chipindamo, makiyi ali m'dzanja langa. Musaganize kuti sindinaope. Awiri a inu munali ku sekondale, ndipo kunalibe wina wokulipirirani. Zaka zopuma ntchito zinali pafupi, ndipo ndinkadziwa kuti munthu wochotsedwa chifukwa cha mwano amachoka chimanjamanja. Ndinaganiza zonsezo nditaima pakhomo. Kenaka ndinayang'ana a Edina, amene anali atakhala kale pampando, manja ali pamiyendo, akudikira kuti ndiwauze ngati n'kololedwa kuyatsa. Ndinatseka chitseko, ndinakhoma, n'kuika kiyi pamene mwamuna waulemu sangapisepo dzanja.

"Yatsani," ndinawauza. "Lero simutuluka musanafike."

Atabwerako a Makwinja anagogoda, kenaka anamenya, kenaka anayamba kutchula apolisi ndi kalata yondichotsa ntchito. Ine ndinakhala pansi nditatsamira chitsekocho, ndipo kumenya kulikonse ndinkakumva m'msana. Phokosolo linaitana anthu. Pawindo panadzadza mitu ya mavenda, amayi a tomato ndi oitanira, onse atagwira zitsulo za pawindopo, ndipo atamva chimene chikuchitika anasiya kuseka. A Makwinja anathamangira kwa mwini sitolo kuti athimitse magetsi a chipinda chathu. Bambo ameneyo, amene chikwangwani cha sitolo yake chinalembedwa ndi a Sitefano, anayankha kuti kiyi wa bokosi la magetsi apita naye akazi ake ku Zomba. Akazi akewo ndinkawamva akukazinga mandasi kuseri.

A Edina anafika pa mlatho n'kugwa. Anayambiranso pamsika, anafikanso, anagwanso. Thukuta linkatsika m'khosi mwawo, ndipo ankapukuta manja pa chitenje asanagwire mabatani. Dzuwa linafika pamutu, linayamba kupendeka. Zala zanga zinkayabwa, moti ndinazikhalira. Mtima wanga unali pa magetsi, amene akanatha kuthima okha popanda thandizo la a Makwinja. Ulendo wina a Edina atafika pa mlathopo ndinalephera kupirira, ndipo ndinawauza chinthu chimodzi chokha, kuti asiye kuyang'ana madzi, ayang'ane mbuzi. Anaimitsa kamunthu m'mphepete, anaonerera mbuziyo mpaka itawoloka, kenaka anadumpha, anadumphanso, mtengo wina unagubuduka kumbuyo kwawo, ndipo anaponda tsidya lina. Pawindo panamveka kupuma kwa anthu onse pamodzi.

Kutsidyako a Sitefano sanaikeko mdani aliyense. Kanali kanjira chabe, nthochi, khola la nkhuku, mpaka pa mtengo wa mango. A Edina anayendetsa kamunthu pang'onopang'ono, ndipo atafika pabwalo la nyumba anachotsa manja pa mabatani. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Afolera malata," anatero.

Sindinamvetse, ndiye anandiuza osatembenuka kuti nyumba yawo ndi yaudzu. Chikwatirane amuna awo ankalonjeza malata chaka chilichonse akamafolera, ndipo chaka chilichonse pankagwa vuto lina. Ine nyumba imeneyo ndinali nditaiona kale pagalasipo, koma denga lake silinandiuze kanthu. Zenera ndi lomwelo, anatero, mtondo uli pamene umakhala, koma denga lokha.

Pakona pa galasi nambala ya nthawi inali ikutsika. Ndinawakumbutsa mofatsa kuti m'gemu imeneyi munthu akangoima panja nthawi imamupha.

"Ndikudziwa. Ndimati ayambe aona kaye."

Anadikira mpaka nambala ija itatsala pang'ono kutha, kenaka anaika chala pa batani, ndipo kamunthu ka ovolosi kanayenda n'kulowa pakhomo. Galasi linada. A Edina anaimirira, anakonza chitenje chawo, n'kundiyang'ana.

"Tsegulani, amayi. Afika."

Ndinatsegula. A Makwinja analowa akulankhula zambiri zimene sindinazisunge, a Edina n'kuwadutsa ngati akudutsa mtengo. Katswiri uja anakhala pa Nkhalamba osandiyang'ana kumaso, ndipo dzuwa lisanalowe munalibenso kanthu.

Pambuyo pake

Sanandichotse ntchito, ndipo ndikukhulupirira kuti a Juma analankhula ndi wina, ngakhale sanavomerepo. Akuluakulu a bungwe anandiuza kuti ndipepese pamaso pa antchito onse kuti nditsale ku Namadzi. Ndinakana. Ananditsitsa udindo n'kunditumiza ku nyumba yosungiramo mbewu ku Kadewere, kopanda magetsi, kumene ndinalemba malisiti ndi bolopeni mpaka ndinapuma mu 2009. N'chifukwa chake zaka zimenezo munkapita kusukulu ndi chinangwa m'malo mwa buledi, ndipo ndikudziwa kuti zinakuwawani. Alendo aja anabweradi. Ndinamva kuti anajambulitsa pakhomo ndi a Makwinja, anamwa zoziziritsa kukhosi n'kumapita, ndipo palibe kompyuta ngakhale imodzi imene inayatsidwa.

Masiku ano adzukulu anga amandibweretsera mafoni kuti ndione magemu otere, akuti alipo ambirimbiri, ndipo amandifunsa kuti yabwino kuposa onse imene ndinaseweraponso ndi iti. Ndimawayankha kuti inapangidwa ku Namadzi, kuseri kwa sitolo, ndi bambo wodwala wolemba zikwangwani. Akati ndiwaonetse ndimawauza kuti asavutike kuifuna. Inafufutidwa Lachisanu masana, polamula munthu amene sanaisewerepo ngakhale kamodzi.